Thonje la Boyila Lomwe Ndinalowetsa M'nyumba

Amayi anzanga, abambo, nonse amene mwakhala pamabenchi apa, ine ndine Edina wa ku Chigumula. Ambiri mumandidziwa kuti amake Yankho. Ndachita kulemba papepala chifukwa ndikati ndiyankhule zapamtima mawu amandithawa. Mundipirire.

Ena mwa inu mumandiloza m'minibasi kuti uyo ndi mayi wolimba mtima uja anaulula za asibesitosi. Lero ndabwera kudzabweza ulemu umenewo, chifukwa pali zinthu ziwiri zomwe ndakhala ndikubisa. Choyamba, ndakhala ndikunena kuti sindinkadziwa kuti chinthu chija n'choopsa. Limenelo ndi bodza. Pepala lochenjeza ndinalitayipa ndine, ndi zala izi. Chachiwiri, Loweruka lina m'mawa ndinanyamula fumbi lomwelo m'jumbo kupita nalo kunyumba ya munthu ku Kanjedza, ndi mtima woti ndikamuphe pang'onopang'ono. Zachiwirizi akudziwa ndi anthu awiri okha: amuna anga, ndi mayi wina amene mumumva kutsogoloku.

Ndili ndi setifiketi ya za ulembi. Nditamaliza koleji ndinatha zaka ziwiri ndikuzungulira tauni ndi envulopu ya khaki mpaka nsapato zinapendekeka. Ndiye a Likaka, kontirakita wina wa ku Limbe, atanditenga kuti ndizilemba makalata ndi kusunga mafayilo pa saiti, ndinalowa m'chimbudzi cha ofesi yawo n'kugwada kuthokoza Mulungu. Nthawi imeneyo Yankho, kamtsikana kanga, anali asanakwanitse zaka ziwiri.

Ntchito inali panyumba ina yakale ya njerwa zofiira, ya nthawi ya atsamunda, pakati pa tauni ya Blantyre. Dzina lake sinditchula. M'chipinda chapansi munali boyila, chitsulo chachikulu ngati minibasi, chomwe kale ankachisonkhezera malasha kuti madzi otentha aziyenda m'mapaipi nyumba yonse, anthu asamazizidwe chiperoni chikagwa. Ife tinapatsidwa ntchito yochotsa zonsezo n'kuika magiza a sola otenthetsera madzi padenga. Mapaipi ajawo anali atakulungidwa ndi chinthu chotuwa, chofewa, chokhala ngati thonje losakaniza ndi laimu. Ogwira ntchito ankangoti thonje. M'mapepala ankalemba kuti asibesitosi.

Sabata yoyamba a Likaka anandipatsa malangizo ochokera kwa eni nyumbayo kuti ndiwatayipe bwino. Ndikukumbukira mzere uliwonse. Thirani madzi musanakhudze. Valani zotseka pamphuno zapadera. Musasese. Kulungani m'mapulasitiki okhuthala kawiri. Kakwirireni kumalo omwe akuluakulu akusonyezeni. Ndinatayipa, ndinakonza masipelo, ndinaboola pepalalo n'kuliika m'fayilo yobiriwira. Mumtima ndinati izi n'zachizungu, anthu oopa ngakhale nyerere. Ife tinakula tikusewera pafumbi, tafa?

Zotseka pamphuno zinagulidwa zochepa, za pepala, n'kuzikoloweka pamsomali kuti zizivalidwa alendo akabwera. Anthu ankadula thonje lija louma, ndi masowo ndi zikwanje, n'kumatuluka m'chipinda chapansi atayera ngati ochokera kuchigayo. A Likaka sankatsika masitepe. Ankaima pakhomo pamwamba, kampango koyera pamphuno, n'kumakuwa malamulo. Ankati ali ndi chimfine. Kampango kameneko musakaiwale.

Mwambo wa pa saiti mukuudziwa nonse. Chochotsedwa m'nyumba yakale sichifika kudzala. Matabwa, mafelemu, malata, misomali yopindika, zonse zimapeza mwini dzuwa lisanalowe, ndipo bwana wosagawa zotsala amatchedwa woipa mtima. Lachisanu lina matumba a thonje lija atadzaza pabwalo, a Likaka anatambasula manja.

“Tengani, abale anga. Khirisimasi yanu ndi imeneyo. Thonje ili limasunga moto kuposa bulangete.”

Anthu anawomba m'manja. Wina anati akamatira mbaula, wina anati akazi ake akakutira uvuni wa masikono. Ine ndinatenga matumba awiri. Unali mwezi wa Juni, ndipo ndinali nditangogula anapiye a tsiku limodzi kuti tiyambe kabizinesi. Ku Chigumula Juni amapha anapiye. Khola panja ndinalibe, ndiye ndinatchinga pakona pa balaza ndi makatoni, n'kuyala thonje lija m'mbali ndi pansi, pamwamba n'kuphimba ziguduli. Nyumba yathu ya lendi ilibe siling'i, mpweya wa pabalaza ndi womwewo wa kuchipinda.

Sanafe mwanapiye ndi mmodzi yemwe. Anansi ankabwera kudzaona nzeru za mayi wa kukoleji, ndipo mmodzi ndinamugawirako theka la thumba. Koma anapiye amapalasa. Pasanathe sabata ziwiri anali atang'amba ziguduli zija n'kumathothola thonjelo, akamakupiza timapiko tifumbi n'kumauluka. M'mawa dzuwa likalowa pawindo tifumbito tinkanyezimira m'mwamba, Yankho n'kumatithamangitsa, kuwomba m'manja kuti atigwire, kukamwa kuli yasa ndi kuseka. Ine ndinamujambula pafoni. Ndinatumizira ngakhale alamu anga.

Ntchito ya m'chipinda chapansi itatha, a Likaka anandiyitana.

“Edina, lemba kalata kwa eni nyumba. Unene kuti asibesitosi yense wakulungidwa ndipo wakwiriridwa motsatira malangizo. Usaine m'malo mwanga, ine ndikuthamangira ku Lilongwe.”

Ndinatayipa. Ndinasaina. Matumba awiri ali pabalaza panga.

Mwezi wa Ogasiti Yankho anayamba kutsokomola, ndipo ndinapita naye kuchipatala. Pamzere ndinapeza che Twaibu, bambo wachikulire amene anasonkhezera boyila ija zaka zambiri asanapume ntchito. A Likaka anawaitanapo masiku awiri kuti atisonyeze momwe mapaipi anayendera. Ndinawapeza atakhala pansi, atatsamira khoma, akupuma ngati munthu wokwera phiri la Soche atasenza thumba.

“Che Twaibu, kwagwanji?”

“Mama, chifuwa chatseka. Andijambula sabata yatha. Adokotala akuti mapapo anga auma ngati chinkhupule. Anandifunsa kuti, bambo, munagwirapo ntchito pamalo a asibesitosi? Ndinati ameneyo sindimudziwa. Atandifotokozera ndinaseka. Si thonje lija? Ife tinkagonapo masana pothawa kuzizira.” Anapuma kaye. “Paja linapita kuti thonje lija?”

Ndinayang'ana kumbali. Ndinamunyamula Yankho n'kusunthira kutsogolo pamzere.

Nditalowa kwa adokotala ndinaulula za anapiye, koma ndinati sindinkadziwa. Anamupima Yankho n'kunena kuti chifuwa ichi n'chawamba, cha nyengo, chitha ndi mankhwala. Ndipo chinathadi pasabata. Koma za thonje anandiuza mosabisa.

“Mayi, chinthu chimenechi sichiluma lero. Chimalowa ndi mpweya n'kukhala chete zaka makumi awiri, makumi atatu. Mwina sichidzadzuka n'komwe. Palibe makina oti andiuze lero kuti mwanayu zidzamuthera bwanji.”

“Ndiye mumutsuke m'mapapomo,” ndinatero. “Mumupatse dilipi, chilichonse.”

Anapukusa mutu. “Chomwe mungachite n'choti asapumenso lina.”

Nditafika kunyumba ndinamusiya mwana kwa anansi n'kuzula thonje lonse ndi manja, louma, ndikulira, fumbi lili koboo m'nyumba. Mzere woti thirani madzi, womwe ndinautayipa ndekha, sunandifike m'mutu. Ndinalikankhira m'thumba la feteleza n'kulibisa kuseri kwa chimbudzi.

M'mawa mwake ndinakalowa mu ofesi ya a Likaka ku Limbe osagogoda.

“Bwana, munkadziwa. N'chifukwa chake munkatseka mphuno.”

Sanadzuke n'komwe pampando. “Ndinakusenzetsa matumba ine? Iwe si wophunzira? Malangizo anatayipa ndani?”

“Mwana wanga wapuma fumbi limenelija miyezi iwiri.”

“Pepa. Koma tamvera, mtsikana iwe. Pakalata yonena kuti tinakwirira pali siginecha ya ndani? Ukayamba phokoso woyamba kuvala yunifomu ya kundende ndiwe. Siya makiyi a kabati patebulopo. Lolemba usabwere.”

Kutsetsereka kwanga sikunachedwe. Tulo tinatha. Ndinkangoika khutu pamsana pa mwana kumvetsera mpweya wake. Mayi wina wa pamsika anandiuza kuti kabotolo kamodzi ka mowa waukali kamagonetsa. Kanagonetsadi. Kenako kamodzi kanasiya kukwana. Nkhuku zija zitakula ndinazigulitsa zonse, phindu lake linathera m'timabotolo. Ndinayamba kumwa amuna anga akangotuluka kupita kuntchito, pashopu ya mwenye wina wa holoselo ku Limbe, n'kumatafuna masamba a gwafa kuti fungo lisamveke. Kukwaya ndinasiya. Ndinkatukwana anansi. Kusamba kunali mwa apo ndi apo. Ndipo nthawi yonseyi pamaso panga pankangobwera kampango koyera kaja.

Lachitatu lina masana ndinagona pamkeka chitseko chili chotsekula. Yankho anatuluka, anatsata kanjira ka m'chimanga chouma mpaka pamsewu waukulu. Anamugwira ndi mayi wogulitsa tomato, phazi limodzi lili kale pa tala, minibasi ikubwera. Anansi anachita kundithira madzi kuti ndidzuke. Amuna anga atawaitana pafoni anafika osakuwa, osandimenya. Analongedza zovala za mwana m'chikwama cha kusikelo.

“Amake Yankho, mwanayu mukumuopera matenda a zaka makumi atatu. Lero akanafa ndi minibasi.”

Anapita naye kwa alongo awo ku Soche, iwonso n'kumagona komweko.

Mukuganiza kuti pamenepo ndinadziona kulakwa? Ayi. Ndinati zonsezi ndi a Likaka. Anandilanda ntchito, anandilanda tulo, tsopano andilanda mwana. Iwo akudya bwino, akuyenda pagalimoto yoziziritsa mkati. Ndinatha masiku atatu m'nyumba yopanda phokoso la mwana, ndikuganiza chinthu chimodzi: nawonso apume. Apume osadziwa, monga anapumira Yankho. Kenako zaka zikadzapita ndidzawalembere kalata yotayipa bwino, yopanda sipelo yolakwa, yowauza chomwe chili m'chifuwa mwawo.

Loweruka m'mawa ndinatenga thumba lija kuseri kwa chimbudzi, ndinatapa thonje n'kulifikisa m'jumbo yakuda mpaka linasanduka ufa. Ndinamwa kabotolo kamodzi kolimbitsa mtima, ndinavala siketi yanga ya kuofesi, n'kukwera minibasi. Jumbo ili pamiyendo, pambali panga pali mayi woyamwitsa, ine osaganizako. Nyumba ya a Likaka ku Kanjedza ndinkaidziwa chifukwa ankandituma kukasiya mapepala. Ndinkadziwanso mpando wawo wa pakhonde, wa makushoni a maluwa, pomwe amawerengera nyuzipepala madzulo aliwonse.

Geti ananditsekulira a Nasibeko, mayi wogwira ntchito m'nyumbamo, wazaka zoposa makumi anayi, mwana wawo womaliza ali kumbuyo. Sankadziwa kuti ndinachotsedwa ntchito.

“Aa, asekilitale! Mwatitaya bwanji? Lowani. Abwana apita kuchinkhoswe, abwera madzulo.”

“Ndingowasiyira mapepala pakhonde.”

“Khalani kaye ndikutengereni madzi. Masowo afiira ngati mwakangana ndi anyezi.”

Atangolowa m'nyumba ndinamasula jumbo. Manja sananjenjemere, ndisakunamizeni. Ndinatukula kushoni n'kuthira pansi pake, ndinathira pamwamba n'kupaka ndi chikhatho kuti ulowe m'nsalu, wotsala ndinawaza pachopondera cha pakhomo. Mumtima munali mozizira bwino, ngati munthu wamwa madzi atayenda padzuwa. Koma ufa wina unatayikira pasimenti yofiira ya khondelo, ndipo unkaonekera patali.

A Nasibeko anatuluka ndi kapu.

“Hii, jumbo yanu yabooka! Ndi laimu kapena ufa wa kondowole? Kwezani miyendo ndisese. Abwana akapeza izi, nyimbo yake mpaka Lolemba.”

Anandipatsa kapu ija n'kutola tsache pakona.

Amayi anzanga, mukudziwa momwe timaweramira posesa ndi tsache lalifupi mwana ali kumbuyo. Msana ukagona, mutu wa mwana umasuzumira paphewa, nkhope yake n'kuloza pansi pomwe tsache likudutsa. Tsache linagunda kamodzi. Kafumbi koyera kanadzuka, kanakumana ndi dzuwa la m'mawa n'kuyamba kunyezimira. Mwana uja anatulutsa kadzanja m'chitenje n'kukatambasula kuti agwire.

Ndinaona Yankho. Ndinaona kavidiyo kaja ndinatumizira alamu anga.

“Musasese!”

Ndinawalanda tsache, ndinawakankhira kubwalo mpaka anatsala pang'ono kugwa, n'kukhuthula madzi a m'kapu paufa uja. Ndinathamangira pampopi wa panja, ndinadzaza ndowa, ndinathira pasimenti, pachopondera, pampando, ndikukuwa kuti chotsani mwanayo, pitani naye kutali. Iwo anaganiza kuti ndapenga. Anakamukhazika mwana pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa mpanda, n'kubwerera manja ali m'chiuno.

“Tandiuzani bwinobwino. N'chiyani chimenechi?”

Ndinakhala pasitepe yonyowa n'kuwauza zonse. Boyila, anapiye, che Twaibu, kalata, mowa, msewu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anandiwomba mbama imodzi yomwe ndinaimva mpaka m'mano. Ulemu wa usekilitale unathera pomwepo.

“Iwe mwana iwe. Unawaonapo a Likaka atagwira tsache? Pampando uwu akamadzakhala, ine ndimakhala nditakutumula makushoni kawiri. Chopondera ichi amachimenyetsa pamtengo ndani? Fumbi la panyumba pano limadziwa mphuno ziwiri zokha, yanga ndi ya uyo ali pansi pa mangoyo.”

Anandiloza ndi chala n'kupitiriza.

“Ndiye wasiyana nawo pati? Iwo anathira kwa iwe kuti asavutike ndi lole yokataya thonjelo. Iwe wathira kwa ine kuti mtima wako uzizire. Nonse awiri mwasankha munthu wosesa.”

Mawu amenewo anandichotsa mowa m'mutu kuposa madzi omwe anandithira Lachitatu lija. Ndinalira, ndinagwada, ndinawagwira miyendo. Anandikankha ndi bondo.

“Misozi sikolopa. Dzuka. Iwe ndi amene ukudziwa kachotsedwe kake, lankhula.”

Kwa nthawi yoyamba ndinatsatira pepala lija. Tinamanga zitenje zonyowa kumaso, chifukwa china chabwino tinalibe. Tinanyowetsa zonse mpaka ufa unasanduka phala, tinapukuta ndi sanza zonyowa osati tsache, ndipo sanzazo, kushoni, chopondera ndi tsache lomwe tinazikulunga m'mapulasitiki akuda kawiri n'kumanga ndi chingwe.

“Nanga kushoni mukawauza chiyani abwana?”

“Ndinena kuti galu anakodzerapo ndiye ndataya. Galuyo sakana.” Anasamba m'manja nthawi yaitali pampopi, kenako ananena osandiyang'ana. “Ife anzako timamenya nkhondo ndi tsache chifukwa n'chomwe tili nacho. Iwe uli ndi sukulu. Munthu uja saopa fumbi, amaopa pepala la chidindo. Ngati ukufuna kumuluma, kamulume kumeneko, ife utisiye.”

Ndinabwerera ku Chigumula nditasenza mtolo uja pamutu mpaka pasiteji.

Tsopano ndikuuzeni momwe ndinakwerera, mwina wina pano ali pomwe ndinali. Sizinali za tsiku limodzi. Mowa ndinausiya Lamulungu, ndinamwanso Lachinayi, ndinasiyanso, ndinagwanso kamodzi patatha mwezi. Chomwe chinandithandiza n'chakuti ndinapempha mayi wa tomato uja, amene anagwira Yankho pamsewu, kuti azindisungira makiyi a nyumba masana. Ndinkakhala naye pabenchi lake mpaka madzulo. Munthu wofuna kusiya mowa asakhale yekha m'nyumba yotseka.

Kenako ndinapita ku Soche n'kuwauza amuna anga zoona zonse, kuphatikiza zoti malangizo ndinawawerenga ndisanalowetse thonje m'nyumba. Nditamaliza ananena kuti, “Bodza lija linkandipweteka kuposa mowa, chifukwa ndinkaliona m'maso mwanu.” Sanabwerere tsiku lomwelo. Poyamba analola kuti ndizikamuona mwana Loweruka lililonse. Nyumba yonse ndinaipukuta ndi sanza zonyowa, makoma ndi mitengo ya denga yomwe, ndipo mkeka ndi makatani ndinazikulunga pamodzi ndi thumba lija.

Ndinakawapeza che Twaibu kwawo, ndinawauza komwe thonje linapita, n'kulemba pamaso pawo mayina a onse amene ananyamula matumba Lachisanu lija. Ndinayenda khomo ndi khomo, ku Bangwe, ku Ndirande, kwathu ku Chigumula, kuyambira kwa mnansi amene ndinamugawira ndekha. Ena anandithamangitsa. Mayi wa uvuni wa masikono anati ndikuchitira nsanje bizinesi yake. Koma kulikonse ndinanena zomwezi, ndipo ndikuzinenanso kwa inu. Ngati muli nalo thonje lotere, kapena zidutswa za malata akale otuwa aja, musaswe, musacheke, musasese. Tulutsani ana. Nyowetsani, phimbani ndi pulasitiki yokhuthala, ndipo kauzeni a zaumoyo kapena a zachilengedwe kuti akuuzeni kotaya. Musakataye kumtsinje kapena kudzala komwe ana amatola zidole. Amene munalipuma kauzeni adokotala kuti alembe m'buku lanu la kuchipatala, ndipo fodya mutalikirane naye.

Chomaliza ndicho chinali cholemera. Makalata onse a pa saiti ndinali nawo pa fulashi yanga. Ndinasindikiza malangizo aja, kalata yabodza ija monga ndinaijambulira nditaisaina, zithunzi za anthu atayera ndi fumbi, ndi chithunzi chimodzi chomwe a Likaka akuoneka pamwamba pa masitepe, kampango pamphuno. Ndinapita nazo ku ofesi yoona za chitetezo cha anthu pantchito. Bambo amene anandilandira anawerenga kawiri n'kuloza pansi pa kalatayo.

“Mayi, mukudziwa kuti siginecha iyi ndi yanu?”

“Ndikudziwa.”

“Mukudziwa kuti nanunso mudzafunsidwa?”

“Lembani dzina langa poyamba, lawo pachiwiri. Bola lilembedwe.”

Zinatenga miyezi, ndipo ndinatha nsapato zina pamasitepe a ofesi imeneyo. Koma tsiku linafika. Eni nyumba ija anawalanda a Likaka ntchito yotsala, ndipo a Likakawo analamulidwa kutolera thonje lonse khomo ndi khomo, iwo ali pomwepo. Lole inafika ku Chigumula mvula itagwa, ndi anthu ovala maovolosi oyera kuyambira kumutu. A Likaka anatsika galimoto yawo, nsapato zonyezimira zikumira m'matope a pakhomo panga, chotseka mphuno chenicheni chili kumaso. Mudzi wonse unatuluka. Mayi wa tomato, amene ndinamuuzapo za kampango kaja, anakuwa kuti, “Abwana, chimfine chija sichinathebe?” Anthu anafa nacho chiseko. Iwo anayang'ana pansi. Ine ndinaima pakhomo, Yankho ali kutali kwa anansi, ndipo ndinawayang'ana osaphethira mpaka thumba lomaliza linakwera. Ndisaname pamaso pa Mulungu, zinandikomera mumtima. Mpaka lero ndikakumbukira matope aja pansapato zawo ndimamva kukoma.

Koma si ine ndekha amene ndinalipira kukoma kumeneko. Ntchito itaima, anthu onse a pa saiti anakhala pakhomo. Ena a iwo tikakumana ku Limbe amawolokera tsidya lina la msewu, ndipo mmodzi anandiuza kuti ana ake sadya chilungamo changa. Che Twaibu lole ija sanaione, tinawaika kutatsala sabata zitatu. A Likaka anafufuza mpaka anamva kwa mlonda wa nyumba yoyandikana kuti ndinafikako Loweruka lija, ndipo a Nasibeko anawachotsa ntchito tsiku lomwelo. Sanaulule chomwe ndinathira pakhonde paja, mpaka lero. Ndinakawapeza ku Bangwe akugulitsa masamba pamsewu, kuti ndikapepese. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

“Wasiya mowa?”

“Miyezi isanu ndi iwiri tsopano.”

“Ndiye gula mpiru, usandilirire pamalonda.”

Nkhani ya siginecha yanga ikadali m'fayilo, tsiku lililonse akhoza kundiitana. Ntchito ya ulembi palibe akundilemba, mbiri inayenda kuti ndine sekilitale wotulutsa makalata a bwana. Amuna anga anabwerera ndi mwana. Yankho tsopano ali ndi zaka zitatu ndi theka, amathamanga kuposa anzake onse, ndipo akabwera akupuma wefuwefu ndimamukumbatira ngati ndikumusangalalira, pamene ndikuika khutu pamsana. Ndidzakhala ndikuika khutu limenelo mpaka adzakhale mayi wa ana ake, ngati Mulungu alola.

Abusa amandiuza kuti ndikhululuke. Ndayesa, sizinatheke, ndipo sindibwera pano kudzanama kachitatu. A Likaka ndimawapempherera, inde, koma pemphero lake ndi ili: Ambuye, apatseni moyo wautali. Asafe msanga. Akhale ndi maso ndi makutu zaka makumi atatu zikubwerazi, kuti tsiku lililonse lomwe ine ndikudikira, nawonso adikire. Yankho akadzatsokomola ali ndi zaka makumi atatu, ndikufuna adzakhale alipo oti ndikawagogodere.

Ndiye ndikufunseni inu, poti mwamva zonse ndipo palibe chomwe ndasiya. Fumbi ndinalichotsa m'nyumba za anthu, koma ndinachotsanso chakudya pakamwa pa ana a anzanga, ndi ntchito m'manja mwa mayi amene anandiletsa kupha. Ndipo sindinachite chifukwa chokonda anthu ayi, ndinachita kuti munthu mmodzi aime m'matope pakhomo panga. Chinthu chabwino chochitidwa ndi mtima wotere chimawerengedwa? Mukanakhala inu, fulashi ili m'manja, siginecha yanu ili pakalata, mwana wanu atapuma kale, mukanakwera masitepe a ofesi ija kapena mukanakhala chete? Ndiuzeni, amayi anzanga. Ndinachita bwino?